Bokosi lonyamulira droni: lolimba kapena chikwama, pa misewu ndi dzuwa la kuno ku Tete?

Funso lochokera kwa wowerenga wa ku Ulónguè: "Ndimajambula maukwati, zinkhoswe ndi minda ya alimi a fodya ndi mbatatesi. Chaka chino ndagula droni ya DJI Air 3, mabatire atatu, rimoti yokhala ndi sikirini, tchaja ndi timagalasi tochepetsa kuwala. Zonsezi ndimanyamulira m'kachikwama kapaphewa komwe kanabwera ndi droniyo. Ku Tsangano ndi ku Dómuè ndimapita pa njinga yamoto, ku mzinda wa Tete ndimakwera chapa (minibasi), mwa apo ndi apo ndimafika ku Cahora Bassa, ndipo mwezi wamawa ndikwera ndege kupita ku Maputo. Anzanga ena akuti ndigule bokosi lolimba lija losalowa madzi, ena akuti n'kutaya ndalama. Ndigule chiyani?"

Achimwene, gulani bokosi lolimba, koma laling'ono, loti lizikwana m'chikwama chobereka kumsana. Kachikwama kapaphewako musakataye, kakhale ka mabatire. Anzanu onena kuti n'kutaya ndalama ali ndi mfundo imodzi yomveka: anthu ambiri amagula chibokosi chachikulu chakuda chifukwa chooneka cholimba, kenako n'kupeza kuti sichikwera njinga, sichikwana pamiyendo mu chapa, ndipo chikakhala padzuwa chimaphika mabatire. Koma zimenezo zikutanthauza kusankha bwino, osati kusiya kugula.

Kuno kwathu droni kawirikawiri siwonongeka paulendo chifukwa chogwa kamodzi. Imatha pang'onopang'ono ndi kugwedezeka kwa msewu, fumbi ndi kutentha. Bokosi labwino limathana ndi ziwiri zoyambazo. Kutentha silithana nako, ndipo nthawi zina limakuwonjezera.

Posankha muyambire m'kati, kunja kubwere pambuyo. Pa droni yonseyo chosachedwa kuvulala ndi gimbal, kamkono kaja kogwira kamera kuti isagwedezeke pouluka. Kali ndi timainjini titatu tating'ono kwambiri, kachingwe kopyapyala kodutsa m'kati, ndipo kamalendewera pa timphira tofewa. Droni ikazima timainjinito sitigwira kanthu, kamera imangoti lendelende. Pa Air 3 yanuyo kamkonoka kananyamula makamera awiri. Ndiye taganizirani ulendo wa pa msewu wafumbi wopita ku Tsangano, bampu ndi bampu, dzenje ndi dzenje, kamera ikumenyetseka uku ndi uku m'kachikwama kofewa komwe mwaponyamonso tchaja. Tsiku loyamba simuona kanthu. Pakapita miyezi mumangodabwa kuti chithunzi chayamba kupendekeka kapena kunjenjemera, rimoti n'kumalemba kuti gimbal yalemedwa. N'chifukwa chake chophimba chapulasitiki chija chomwe chinabwera ndi droni, chotsekera gimbal, ndichofunika kuposa bokosi lenilenilo. Muzichivalitsa nthawi zonse musanalongedze, ngakhale mukungosamuka kuchoka kutchalitchi kupita kumadyerero, ndipo muzichivula musanayatse droni. Pogula bokosi onetsetsani kuti malo a droni anadulidwa moti izilowa chophimbacho chili pomwepo. Alipo mabokosi omwe malo ake ndi othina moti munthu amakakamizika kuchotsa chophimba kuti droni ikwane. Amenewo asiyeni.

Siponji ya m'kati ilipo ya mitundu iwiri yodziwika. Yoyamba ndi yofewa, yodulidwadulidwa kale m'timagawo ting'onoting'ono toti muzizula ndi zala mpaka dzenje lifanane ndi katundu wanu. Ndiyotchipa ndipo imakopa chifukwa mumakonza nokha madzulo amodzi. Vuto lake n'lakuti timakoma totsala pakati pa mayenje timang'ambika mukatulutsa ndi kubwezera katundu tsiku ndi tsiku, ndipo ikakalamba imayamba kunyenyeka. Tinyenyeswa takudato timakalowa m'timainjini ta mapiko ndi m'malo opumira mpweya. Imamwanso madzi ndi kuwasunga. Yachiwiri ndi yolimbirako, yosamwa madzi, yofanana ndi ija amapangira mapatapata, ndipo imabwera itadulidwa ndi makina molingana ndi mtundu wa droni. Kwa munthu wogwira ntchito mlungu uliwonse ngati inu, yachiwiriyi ndiyo yoyenera. Dziwani chabe kuti yodulidwira Air 3 ndi ya Air 3 basi. Mukadzasintha droni mudzagula siponji ina, bokosi n'kukhala lomwelo, choncho funsani ngati siponjiyo imagulitsidwanso payokha.

Katundu akhale ngati mazira pa thireyi, chilichonse m'dzenje lakelake, chosakhudza chinzake. Pakati pa droni ndi khoma la bokosi pakhale siponji ya masentimita 2 kapena 3, pansi ndi pamwamba chimodzimodzi. Kuyesa kwake n'kosavuta. Longedzani zonse, tsekani, nyamulani bokosilo pafupi ndi khutu n'kuligwedeza mwamphamvu. Mukamva gobedegobede, chilipo chomwe chikuyenda, ndipo pamsewu chidzayenda kambirimbiri. Kenako tsegulani muone siponji ya pachivundikiro. Ngati timitengo ta rimoti kapena chophimba cha gimbal zasiya chidindo chakuya pamenepo, ndiye kuti chivundikiro chikupsinja. Timitengo ta rimoti timazulidwa ndipo tili ndi pake posungira, muzitizula. Mapiko akhale opinda bwino, osapanikizika m'mphepete, chifukwa phiko lomwe lagona chipindikire m'bokosi lotentha limakhota, ndipo droni imanjenjemera nalo m'mwamba.

Tsopano kunja. Pa mabokosi osalowa madzi mudzaona atalemba IP67. Nambala 6 ikutanthauza kuti fumbi sililowa n'komwe, 7 ikutanthauza kuti likhoza kumira m'madzi akuya mita imodzi kwa mphindi 30 osalowa madzi. Kwa ife nambala 6 ija ndiyo yaikulu. Mvula imagwa miyezi ingapo chabe, ndipo bwato la ku Cahora Bassa mumakwera mwa apo ndi apo, koma fumbi lili nafe kuyambira Meyi mpaka Novembala. Aliyense wodutsa ku Moatize amadziwa fumbi la malasha, losalala, lolowa ngakhale m'zipi yotseka. Timainjini ta mapiko ndi totseguka ndipo m'kati mwake muli maginito, choncho kamchenga kalikonse kokhala ndi chitsulo kakalowamo kamakakamira. Mukazunguza phiko ndi chala n'kumva kherekhere, ndi komweko.

Chomwe chimatseka fumbi ndi madzi si pulasitiki yolimbayo ayi, ndi kamphira kozungulira m'mphepete mwa chivundikiro, kothinidwa ndi zotsekera. Musanalipire, kokani kamphirako pang'ono muone ngati ndi kathunthu, kopanda polumikiza potseguka. Ikani kapepala pakati pa chivundikiro ndi bokosi, tsekani, kokani. Kakatuluka mosavuta, pamenepo sipakugwira. Yesani mbali zonse zinayi, makamaka kumbuyo kwa mahinjesi. Mukafika nalo kunyumba, chotsani siponji, ikanimo pepala lofewa lopukutira, tsekani, limizeni m'bafa kwa theka la ola mutaikapo mwala pamwamba. Pepala likatuluka louma, bokosilo mukhoza kulikhulupirira. Mabokosi otchipa ambiri amalembedwa kuti salowa madzi, koma bafa ndilo limanena zoona. Pambuyo pake muzipukuta kamphirako ndi kansalu konyowa, chifukwa kamchenga kamodzi kapena tsitsi logona pamenepo limatsegula njira.

Kutsogolo kwa bokosi labwino kumakhala kavalavu kozungulira. Ena amaganiza kuti n'kokongoletsa, koma inu kakuthandizani kuposa anthu ambiri. Ulónguè uli pamtunda wa mamita oposa 1,000, pomwe mzinda wa Tete uli pansi m'chigwa cha Zambezi, posakwana mamita 200. Mukatseka bokosi kumapiri n'kutsika nalo kuchigwa, mpweya wakunja umakhala wolemera kuposa wam'kati ndipo chivundikiro chimakakamira. Munthu amayamba kukanula ndi mpeni, kamphira n'kuwonongeka. Kavalavuka kamalola mpweya kudutsa koma kamakaniza madzi. Ena amagwira okha, ena ndi opotokola. Wopotokolayo ngati mwaiwala kumubweza, bokosi lanu si losalowanso madzi.

Pali chizolowezi chimodzi chomwe chimawononga phindu lonse la bokosi lodula. Munthu wafika pabwalo la ukwati, watsegula bokosi pansi, watulutsa droni, waiyika mamita awiri kuchokera pamenepo, n'kuiulutsa bokosi lili chitsegulire. Mphepo ya mapiko imatenga fumbi lonse la pabwalopo n'kulithira m'siponji, m'timagalasi ndi pa mabatire otsala. Madzulo amatsekera fumbi lomwelo m'kati pamodzi ndi droni. Mukangotulutsa zomwe mukufuna, tsekani. Ndipo muziulutsira pa kansalu kokhuthala kapena kamkeka, osati padothi.

Kutseka kolimbako kuli ndi mbali inanso. Chomwe sichilowetsa madzi sichiwatulutsanso. Ku Tsangano ndi ku Angónia m'mawa wa Juni ndi Julayi kumakhala chifunga ndi mame, ndipo nthawi yadzinja droni imatera ili ndi timadontho. Mukaitsekera chomwecho n'kutsika kumalo otentha, chinyezicho chimazungulira m'kati, chimakhala pa galasi la kamera ndi pa tizitsulo ta batire. Pakapita nthawi galasi limachita chuku m'kati momwe simungapukute. Pukutani droni, isiyeni pamthunzi iume, kenako longedzani. M'bokosimo muzikhala timapaketi ta silica gel, timikanda tija timapezeka m'mabokosi a nsapato zatsopano. Tabwino ndi tosintha mtundu tikakhuta chinyezi, ndipo timaumitsidwanso mu uvuni wa moto wochepa. Mukafika kunyumba nyengo yamvula, bokosi lizigona lotsegula m'chipinda chouma.

Nkhani ya kutentha ndiyo ndikufuna muimvetsetse, chifukwa ndi pomwe ndalama zambiri zimapsera. Mzinda wa Tete mu Okutobala ndi Novembala umapitirira madigiri 40 pamthunzi. Opanga droni yanuyo analemba kuti iziuluka pa kutentha kosapitirira madigiri 40, kuti batire lizitchajidwa pakati pa madigiri 5 ndi 40, ndipo kuti malo abwino osungira mabatire ndi a madigiri 22 mpaka 28. Ndiye kuti masana a ku Tete ali kale pamalire musanaike chilichonse m'bokosi. Galimoto yotseka magalasi yoima padzuwa imapitirira madigiri 60 m'kati. Siponji imachedwetsa kutentha kwa kanthawi, n'zoona, koma kukangolowa imakusunganso. Bokosi lakuda lomwe lakhala kumbuyo kwa pikapu kuyambira ku Mussacama mpaka pa mlatho wa Samora Machel limakhalabe lotentha m'kati dzuwa litalowa kale.

Batire la lithium lotenthedwa chotero silifa tsiku lomwelo. Limayamba kuchepa mphamvu, mphindi zouluka n'kumatsika, kenako limatupa. Lotupa limavuta kulowa m'droni, kapena limalowa koma zokolera zake sizigwira bwino, ndipo batire losagwira bwino likhoza kusomphoka m'mwamba, pamitu pa anthu a paukwati. Mukaona batire lafufuma ngakhale pang'ono, ntchito yake yatha. Musaliboole, musaliponye pamoto, ndipo lisagone m'nyumba pafupi ndi zinthu zoyaka.

N'chifukwa chake ndikuti mabatire aziyenda paokha. Mabokosi ambiri ali ndi mayenje a mabatire, ndipo kwanu kozizirako kuwaikamo si vuto. Koma mukamatsika kuchigwa, atulutseni, akhale m'kachikwama kapaphewa kaja, pathupi panu, pamthunzi pomwe inuyo mwakhala. Pomwe munthu akupirira, batire limapiriranso. Lililonse likhale m'kathumba kake kosagwira moto msanga, komwe amagulitsa ogulitsa madroni, ndipo tizitsulo take tisakhudzane ndi makiyi kapena ndalama zachitsulo. Ngati mukhala tsiku lonse pamunda wopanda mthunzi, kabokosi kosungira zakumwa zozizira kamathandiza, koma kopanda ayezi, chifukwa batire lozizira kwambiri likatuluka kunja kotentha limachita thukuta. Batire lomwe langotera kumene ndi lotentha, musalikwirire m'siponji ndipo musalitchaje nthawi yomweyo. Lisiyeni pamthunzi mpaka lizizire pogwira. Ngati simuuluka kwa masiku ambiri, mabatire asagone odzaza. Akhale chapakatikati, pa 40 mpaka 60 peresenti. A DJI amadzitsitsa okha pakapita masiku angapo, ndipo pochita zimenezo amafunda pang'ono, chifukwa chinanso choti asamatsekeredwe m'bokosi lopanda mpweya.

Mtundu wa bokosi nawo ndi nkhani. Loyera, lachikasu, lalalanje kapena lotuwa silitentha msanga ngati lakuda. Ogulitsa ambiri amasunga akuda okha, koma ngati mukuitanitsa, sankhani lowala. Ena amaopa kuti lowala limaitana akuba. Yankho lake ndi chikwama chakale chobereka chija, chomwe chimabisa bokosi ndi kulipatsa mthunzi nthawi imodzi.

Chikwamacho chili ndi ntchito yaikulu pa njinga yamoto. Bokosi lolimba lomangidwa ndi malegeni pa kaliyala limalandira bampu iliyonse mwachindunji kuchokera ku tayala. Pulasitiki siisweka, koma kugwedezeka konse kumafika m'kati. Likakhala kumsana, miyendo ndi msana wanu zimayamba zalandira, droni n'kumva zochepa. Apa ndi pomwe kukula kwa bokosi kumagamulidwa. Air 3 imalemera magalamu 720, ndipo pamodzi ndi rimoti, tchaja ndi timagalasi sizifuna bokosi lamatayala. Bokosi lamatayala la Pelican 1510, lomwe ojambula ambiri amalitama, limalemera makilogalamu oposa 5 lili lopanda kanthu. Walira mvula walira matope: kulimba kumabwera ndi kulemera, ndipo bokosi lolemera mudzayamba kulisiya kunyumba. Mu chapa bokosi likhale pamiyendo panu. Wothandizira dalaivala akafuna kuliika kumbuyo pamodzi ndi matumba a mbatatesi, kanani mwaulemu, ngakhale zitafuna kulipirira mpando wina.

Popeza mumajambula maukwati, chenjeraninso ndi masipika. Nthawi zambiri wojambula amakwera galimoto imodzi ndi a zoimbira, ndipo katundu amaunjikidwa pamodzi. Kumbuyo kwa sipika yaikulu kuli maginito amphamvu, ndipo droni ili ndi kampasi, kachipangizo koisonyeza kolowera, yomwe imasokonezeka ndi maginito. Pulasitiki ya bokosi siitchinga maginito. Droni ikhale kutali ndi masipikawo, ndipo ikapempha kukonza kampasi musanauluke, musanyalanyaze.

Za ulendo wa ku Maputo, malamulo a ndege pa mabatire a lithium ndi ofanana pafupifupi kulikonse. Mabatire apadera salowa m'katundu wopita kunsi kwa ndege, amayenda nanu m'manja. Osapitirira 100 Wh (Wh ndi muyeso wa mphamvu ya batire) safuna chilolezo chapadera. A pakati pa 100 ndi 160 Wh amafuna chilolezo cha kampani ya ndege ndipo amaloledwa awiri okha. Opitirira 160 Wh saloledwa m'katundu wa wokwera. Anuwo ndi a 62.6 Wh lililonse, ndipo nambalayo inalembedwa pabatire pomwepo, choncho musaimate ndi sitika. Matani tepi pa tizitsulo, ikani lililonse m'kathumba kake, ndipo asakhale odzaza. Droni ndi rimoti nazonso ndi bwino zikwere nanu m'kati. Funsani kampani ya ndege ya LAM kapena ina iliyonse yomwe mwagulako tikiti za kukula ndi kulemera kwa katundu wa m'manja musanapite ku bwalo la Chingodzi, chifukwa makampani ambiri amalekezera pa makilogalamu 7 kapena 8, ndipo bokosi laling'ono lija lidzakupulumutsaninso pamenepa.

M'chivundikiro, kuseri kwa siponji, muzisungamo mapepala m'kathumba kapulasitiki: kope la lisiti, nambala ya droni ndi ya rimoti, ndi zilolezo zomwe muli nazo. Za kuuluka kuno ku Mozambique zimayang'aniridwa ndi Instituto de Aviação Civil de Moçambique, ndipo ndi kumeneko kofunsa zomwe munthu wojambula mwamalonda ayenera kukhala nazo. Mukamawoloka pa Calómuè kulowa ku Dedza, pa Zóbuè kulowa ku Mwanza, kapena pa Cassacatiza popita ku Kulamba ku Katete mu Ogasiti, lembetsani droni kwa a kasitomu potuluka kuti pobwera isaoneke ngati katundu watsopano, ndipo dziwani kuti chilolezo cha dziko lino sichigwira ntchito kutsidyako. Loko wa pabokosi akhale wosavuta kutsegula, chifukwa pa rodibuloko ndi pachipata adzafuna kuona m'kati. Memori khadi yokhala ndi ukwati wa anthu isayende m'bokosi limodzi ndi droni. Ikhale m'thumba la malaya lotseka. Bokosi likabedwa, droni mudzagula ina, koma ukwati subwerezedwa.

Mayina odalirika pa mabokosi amenewa ndi Pelican, Nanuk, HPRC, B&W ndi SKB, ndipo ena mwa iwo amagulitsa kale okhala ndi siponji yodulidwira madroni a DJI. Nthawi zambiri muyenera kuitanitsa ku Maputo kapena ku Johannesburg, choncho werengerani zonyamulira ndi msonkho. Opanda dzina si onse oipa. Yang'anani mahinjesi ngati ali ndi kamtengo kachitsulo kodutsa m'kati, osati pulasitiki yongopindika. Zotsekera zizilira kuti kha potseka ndipo zisatseguke mukazikankha ndi chala chimodzi. Chogwirira chikhale chokhuthala, ndipo chivundikiro chisabonyoke mukachitsindikiza ndi chikhatho pakati.

Ngati ndalama sizikwanira lokhala ndi siponji yodulidwa kale, gulani bokosi labwino lopanda kanthu, siponjiyo mukonze nokha. Ya matiresi ayi, imanyenyeka ndi kumwa madzi. Pitani kwa ogulitsa zipangizo za osoka nsapato mukagule mapepala okhuthala aja opangira mapatapata. Dulani zidutswa zingapo zofanana ndi m'kati mwa bokosi. Yalani katundu pachidutswa chimodzi, droni ili yopinda ndi chophimba chake, jambulani mozungulira ndi cholembera, ndipo dulani ndi mpeni watsopano wakuthwa, m'kati pang'ono mwa mzerewo kuti katundu azilowa mothina. Siyani kampata kolowetsa chala m'mbali mwa droni kuti musamaikoke pogwira gimbal. Chidutswa chapansi chikhale chosadula. Mukamata ndi guluu wa nsapato, zisiyeni panja pamthunzi masiku angapo mpaka fungo litheretu musanaikemo droni, chifukwa mpweya wa guluu wotsekeredwa m'bokosi umachititsa khungu galasi la kamera.